Wilo la sipeya pa ambulansi ya njinga: limangeni molimba lisakuchedwetseni panjira

Ngati m'dera lanu muli ambulansi ya njinga, pitani mukaione lero, pasanachitike zadzidzidzi. Musangoyang'ana matiresi ndi denga lake. Weramani muone kunsi. Kodi wilo la sipeya lilipo? Ngati lilipo, muli mpweya? Nanga lamangidwa ndi chiyani?

Mafunsowa angaoneke ngati a mmisiri wa njinga wa pamsika wa Chinamwali, koma ndi mafunso a zaumoyo. Ambulansi imeneyi ndi kangolo ka mawilo awiri kokokedwa ndi njinga yakapalasa. Wilo limodzi likaphwa kapena kupindika, ulendo waima pomwepo, ndipo wodwala amene wagona pamenepo sangathe kutsika n'kuyenda yekha.

Mphindi zimene zimatayika panjira

Mu 1994, akatswiri awiri, Sereen Thaddeus ndi Deborah Maine, adafotokoza kuti amayi ambiri amamwalira pa uchembere chifukwa cha kuchedwa kwa mitundu itatu: kuchedwa kuganiza zopita kuchipatala, kuchedwa kufika kuchipatala, ndi kuchedwa kulandira chithandizo atafika. Alangizi a zaumoyo ndi mavolontiya mumalimbana kwambiri ndi kuchedwa koyamba pophunzitsa zizindikiro zoopsa. Nkhani ya wilo ili pa kuchedwa kwachiwiri.

Mayi amene akutaya magazi ambiri atangobereka akhoza kumwalira pasanathe maola awiri ngati sathandizidwa. Mwana amene akukomoka ndi malungo aakulu, kapena amene akupuma movutika ndi chibayo, nayenso alibe nthawi yodikira. Pa maola awiriwo chotsanipo nthawi yodzutsa wopalasa, yofuna kiyi, ndi yoyenda kuchokera m'midzi ya m'tsinde mwa phiri la Zomba kukafika ku Matawale kapena ku Zomba Central Hospital. Mukaonjezapo kumata chubu mumdima ndi tochi ya foni, muona kuti zotsala ndi zochepa. Kusintha wilo lathunthu, lopopa kale, kumangofuna sipanala ndi kumasula manati. N'chifukwa chake wilo lathunthu limaposa chubu chokha, ngakhale zonse ziwiri zimafunika.

Sipeya akhale wa saizi yake

Musanaganize zomanga, tsimikizani kuti sipeyayo akukwana. Mawilo a ngolo nthawi zambiri sakhala ofanana ndi a njinga yokoka. M'mbali mwa tayala lililonse mumalembedwa manambala, monga 28 x 1½ pa njinga zazikulu zakale zija, 26 x 1.95 pa njinga zambiri za magiya, kapena 20 pa mawilo ang'onoang'ono. Lembani manambala a mawilo a ngolo ndi a njinga m'kope la komiti, ndipo pokagula muzitenga kopelo.

Yang'ananinso valavu. Machubu ena ali ndi valavu yokhala ndi kamphira mkati, ena ali ndi valavu yonga ya galimoto. Pampu ya mtundu umodzi siingagwire pa mtundu winawo popanda kolumikizira. Pomaliza, liyeseni wilolo masana: chotsani limene lilipo, ikani la sipeya, muone ngati ekiselo ikulowa bwino ndiponso ngati tayala silikukhula chitsulo.

Malo oika sipeya

Ngolo ya mawilo awiri ili ngati sikelo. Katundu akalemera kumbuyo kwa mawilo, mpini wokokera umanyamuka n'kumapepula wilo la kumbuyo la njinga. Zikatero njinga imaterereka, mabuleki sagwira bwino, ndipo ngolo imayamba kugwedezekera uku ndi uku. Katundu akalemera kwambiri kutsogolo, wopalasa amalemedwa ndipo cholumikizira chimatha msanga. Malo abwino ndi kunsi kwa bedi, pakati, pafupi ndi mzere wa mawilo kapena kutsogolo kwake pang'ono.

Pali njira yapafupi yodziwira. Ikani thumba la chimanga la makilogalamu 50 pamalo ogona wodwala, masulani ngolo ku njinga, mugwire mpini ndi dzanja. Uyenera kulemera pang'ono kulowa pansi. Ukamafuna kukwera wokha, katundu wachulukira kumbuyo.

Sipeya akhale pansi, osati padenga. Chinthu cholemera chikakhala pamwamba, ngolo imagudubuzika mosavuta pokhota kapena wilo limodzi likalowa m'dzenje. Koma asatsikenso kwambiri mpaka kumagunda miyala ndi mizere ya m'njira za kumunda. Ngati kunsi kulibe malo okwanira, liimikeni kutsogolo kwa bedi, pafupi ndi mpini, malinga silikukhudza wilo la njinga pokhota.

Chimene simuyenera kuchita n'kuika wilo pamatiresi, kumiyendo kwa wodwala. Ekiselo ndi masipoko zimalasa. Mwana amene akukomoka amaponya manja ndi miyendo mosadziwa. Mayi woyembekezera amafunika malo ogonera chammbali, makamaka kumanzere, kuti magazi aziyenda bwino kupita kwa mwana. Komanso chilichonse chimene chili pabedi chimadetsedwa ndi magazi kapena masanzi, ndipo tayala n'lovuta kulitsuka ndi klorini.

Malegeni okha sakwanira

Ambiri timadalira malegeni pomanga katundu panjinga, ndipo pa mtolo wa nzimbe amagwira ntchito. Vuto lake ndi loti amatamuka. Ngolo ikagunda bampu, wilo limadumpha pang'ono n'kubwerera, ndipo likatero kambirimbiri, tayala limakhulana ndi chitsulo mpaka kubooka m'mbali. Dzuwa nalo limafoola mphira, moti legeni looneka labwino likhoza kuduka mwadzidzidzi n'kumenya munthu m'diso.

Njira yodalirika ndi yoti owotcherera zitsulo, amene sasowa pa Chinamwali, akuikireni kachitsulo kokhala ndi bowo kapena mpata wolowetsa ekiselo ya sipeya. Wilolo limangidwe pamenepo ndi nati, pansi pake pali washala. Popeza nati imamasuka yokha ndi kunjenjemera kwa msewu, onjezani nati yachiwiri pamwamba pa yoyamba, muzikanikizane. Kenako mangani limu m'malo awiri ndi lamba kapena chingwe cha nayiloni chosatamuka kuti wilo lisamazungulire. Pamene tayala likukhudza chitsulo, ikanipo chidutswa cha chubu chakale. Apa ndiye pamene malegeni athandiza.

Musamange pa masipoko. Sipoko ikakokedwa imapinda, limu n'kukhota, ndipo tsiku lofunika mudzapeza wilo likuyenda mokhotakhota. Nsonga za chingwe zisalendewere, chifukwa zikakola m'masipoko a wilo loyenda, ngolo imaima mwadzidzidzi wodwala ali pomwepo. Mfundo ikhale yoti munthu akhoza kumasula ndi manja usiku, osafuna mpeni.

Mukamaliza, ligwedezeni ndi manja awiri. Likasuntha kapena kulira, silinamangike. Bwezeranipo thumba la chimanga lija, mupalase pamsewu wa mabampu, muime, mugwedezenso.

Kathumba ka zida

Wilo lopanda sipanala silithandiza kanthu. Pangolo pomwepo pakhale kathumba kotsekeka kamene muli masipanala okwana manati onse, pampu, chubu cha ngolo, chubu cha njinga, zigamba, solushoni, zitsulo zochotsera tayala ndi tochi. Machubu akhale m'pepala la pulasitiki, kutali ndi girisi ndi mafuta, chifukwa izi zimaononga mphira. Solushoni amauma akatsegulidwa, choncho muzimuona kawirikawiri. Kathumbako kamangidwenso molimba, ndipo zida zake zisabwerekedwe, ngakhale kwa amfumu kapena kwa wapampando wa komiti.

Kuopa akuba n'komveka, ndipo loko ndi wabwino. Koma kiyi akakhala ndi munthu mmodzi yekha, tsiku limene wapita kumaliro kutali, ambulansi yonse yatsekeredwa. Makiyi akhale ndi anthu osachepera awiri okhala pafupi, ndipo banja lililonse limene muli mayi woyembekezera lidziwe mayina awo.

Pamtsetse ndi pamsewu waukulu

Njira zochokera kumtunda kwa Chinamwali zimatsetsereka kulowera kumsewu wa M3. Pamtsetse ngolo imakankha njinga kuchokera kumbuyo, pamene mabuleki a njinga adapangidwira munthu mmodzi ndi kakatundu kochepa. Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu imene mabuleki ayenera kuimitsa imawirikiza kanayi. Pamalo otsetsereka kwambiri, makamaka nthawi ya mvula, wopalasa atsike, wina agwire ngolo kumbuyo.

Pa chifukwa chomwecho, musamangirire ngolo ya njinga yakapalasa ku njinga yamoto ya kabaza pofuna kufulumira. Mawilo ake ndi cholumikizira chake sizinapangidwire liwiro limenelo. Ambulansi za njinga yamoto, monga za eRanger zimene zidayesedwa m'zipatala za kumidzi ku Mangochi, zimapangidwa mwapadera kuti zinyamule wodwala.

Pamsewu wa phula, wilo likagwa pangolo limagudubuzika kulowa pakati pa minibasi ndi njinga zamoto, ndipo ngozi imodzi imabala ina. Onetsetsani kuti sipeya sakuphimba zonyezimira za kumbuyo. Cholumikizira ngolo ndi njinga chikhale ndi pini yosatuluka yokha, ndiponso tcheni kapena chingwe cholimba chachiwiri choti chigwire ngolo ngati piniyo itathyoka.

Ndani aziyang'anira?

Mutu umodzi susenza denga, komanso chinthu cha aliyense chimasowa mwini. Komiti ya zaumoyo ya m'mudzi isankhe munthu ndi tsiku, kamodzi pa sabata. Chubu chimataya mpweya pang'onopang'ono ngakhale chisanabooke, choncho afinye matayala onse asanu: awiri a njinga, awiri a ngolo ndi la sipeya. Aone ming'alu m'mbali mwa matayala, agwedeze sipeya, awerenge zida, alembe tsiku m'kope. Ambulansi isungidwe pamthunzi, posanyowa. Sipeya akagwiritsidwa ntchito usiku, wilo lophwalo likonzedwe m'mawa mwake n'kubwezeredwa pamalo pake. Kandalama kochepa kosonkha mwezi ndi mwezi kamapangitsa zimenezi kutheka popanda kudikira bungwe limene lidapereka ambulansiyo.

Inu makolo, musadikire komiti yokha. Ngati pakhomo panu pali mayi amene mimba yake yafika miyezi isanu ndi itatu, kapena mwana wodwaladwala, pitani mukaone ambulansiyo ndi maso anu ndipo mufunse amene amasunga kiyi. Sungani nambala ya wopalasa, ya mlangizi wa zaumoyo ndi ya galimoto kapena kabaza wina wodalirika. Ngati anamwino a kusikelo alangiza kuti mayi akadikirire kuchipatala, apite nthawi yake isanakwane.

Ndipo mukaona mayi akutaya magazi, akumva mutu kwambiri ndi kuona zachizimezime, kapena mwana akukomoka, akulephera kuyamwa kapena akupuma mobanika, nyamukani nthawi yomweyo. Wilo likaphwa panjira, wina asinthe wilo pamene wina akuimba foni kufuna thandizo lina, ndipo wodwala asasiyidwe yekha.