Pepala likuti shuga ili bwino, nanga maso anu akuti ciani?

Ngati mudwala shuga, mwina mumaidziwa ija namba ya HbA1c imene a dokota amayang'ana akakupimani magazi. Ikatsika mtima umakhala pansi. Koma ofufuza apeza kuti kwa anthu ena akuda, nambayi imanama.

HbA1c imaonetsa shuga amene wamatilila ku maselo ofiila a magazi pa miyezi iwili kapena itatu yapitayo. Maselowa amakhala masiku pafupifupi 120. Manje kuli anthu amene anabadwa ndi vuto m'jini yochedwa G6PD, ndipo maselo ao amafa msanga. Shuga sapeza nthawi yokwanila yomatilila, basi namba imatuluka yotsika olo shuga ali pamwamba m'thupi.

Vutoli ndi lofala kuno ku Africa, kaili limateteza munthu pang'ono ku malungo, ndiye lakhala likuyenda m'mabanja kucokela kwa makolo. Limagwila kwambili amuna, ndipo ambili sadziwa n'komwe kuti ali nalo.

Mu 2017, magazini ya PLOS Medicine inafalitsa kafukufuku woonetsa kuti kwa amuna akuda a ku America amene ali ndi jini yotele, HbA1c imatsika ndi pafupifupi 0.8. Musaione kucepa! Madokota amati munthu ali ndi shuga nambayo ikafika pa 6.5. Ndiye amene anafunika kupezeka ndi 7.0 angapezeke ndi 6.2, n'kubwelela kunyumba ati ali cabe bwino. Ofufuzawo anati anthu akuda pafupifupi 650,000 ku America angaphonyedwe mwanjila imeneyi.

Mu 2024, kafukufuku wina mu Nature Medicine anapeza kuti odwala shuga amene ali ndi jini yomweyi amaonongeka maso kwambili kuposa anzao. Cifukwa cake n'cosavuta kumva: namba ikaoneka yabwino, mankhwala amacedwa kuyamba kapena kuonjezeledwa, pomwe shuga akudya timitsempha ta m'maso mwakacetecete.

Manje imwe mucite bwanji? Osataya HbA1c, imathandiza maningi, koma musadalile iyo yokha. Ngati kamakina kanu ka kunyumba kaonetsa manamba okwela koma HbA1c ikuti zonse zili bwino, auzeni a dokota. Pemphani kupimidwa shuga wa m'mawa musanadye kanthu, ndipo funsani ngati mungapimidwe G6PD. Ngati m'banja mwanu muli sickle cell, kambani, cifukwa nayonso imasokoneza nambayi.

Kamodzi pa caka pimitsani maso olo muona bwino. Ku Lusaka, UTH ili ndi cipatala ca maso. Pimitsaninso mkodzo: puloteni yochedwa albumin ikayamba kutulukila mmenemo, ndiye kuti impso zayamba kuvutika, inu musanamve kuwawa kulikonse. Mapazi nawo muziwayang'ana madzulo alionse, makamaka pakati pa zala. Kacilonda kamene simukamva ndiye koopsa, musakasunge mpaka kumapeto kwa mwezi podikila malipilo.