Lingaliro lakuti chilengedwe ndi masamu

Lingaliro lakuti chilengedwe ndi masamu ndi maganizo a akatswiri ena a sayansi ndi filosofi, akuti masamu si chida chongofotokozera zinthu zimene timaona, koma kuti zinthuzo pazokha ndi masamu. Asayansi amagwirizana kuti masamu amafotokoza chilengedwe bwino kwambiri. Pamene amasiyana ndi pa funso ili: kodi anthu anachita kupeka masamu, kapena anangotulukira chinthu chimene chinalipo kale?

Mbiri

Lingaliroli linayambira kwa Agiriki akale. Otsatira a Pythagoras, yemwe anakhala ndi moyo zaka za m'ma 500 BC, anaona kuti kamvekedwe ka nyimbo kamatsata manambala. Nsambo ikafupikitsidwa ndi theka, imatulutsa liwu lofanana ndi loyamba koma lokwera. Izi zinawachititsa kukhulupirira kuti manambala ndiwo maziko a zinthu zonse.

M'chaka cha 1623, Galileo Galilei wa ku Italy anayerekeza chilengedwe ndi buku limene munthu sangaliwerenge ngati sadziwa masamu. Mu 1960, katswiri wa fizikisi Eugene Wigner analemba nkhani yotchuka yonena kuti n'zodabwitsa kuti masamu amene anthu amawaganiza m'mutu amagwirizana chonchi ndi zochitika zenizeni.

Zimene masamu analosera

Umboni waukulu wa ochirikiza lingaliroli ndi wakuti masamu analoserapo zinthu anthu asanazione.

Mu 1846, Urbain Le Verrier wa ku France anaona kuti pulaneti ya Uranus sikuyenda momwe malamulo a Newton amanenera. Atawerengetsera, anati payenera kukhala pulaneti ina imene ikuikoka, ndipo anatchula malo ake kumwamba. Pa 23 Seputembala chaka chomwecho, Johann Galle analoza telesikopu pamalopo ali ku Berlin ndipo anapeza Neptune.

M'zaka za m'ma 1860, masamu a James Clerk Maxwell anasonyeza kuti pali mafunde osaoneka oyenda pa liwiro la kuwala. Heinrich Hertz anawatsimikizira mu 1887, ndipo ndi amene wailesi ndi foni zam'manja zimagwiritsa ntchito lero. Nayenso Peter Higgs pamodzi ndi asayansi ena analosera mu 1964 za kanthu kakang'ono kwambiri, kamene kanadzapezeka ku CERN mu 2012, patatha zaka 48.

Maganizo a Max Tegmark

Masiku ano amene amadziwika kwambiri ndi lingaliroli ndi Max Tegmark, wobadwira ku Sweden mu 1967, yemwe amaphunzitsa pa MIT ku America. M'buku lake la 2014, Our Mathematical Universe, iye amati tikagawa chinthu chilichonse mpaka kufika pa tinthu tochepetsetsa monga elekitironi, sitipeza mtundu, fungo kapena kulimba. Timangotsala ndi manambala ofotokoza kulemera kwake ndi mphamvu yake ya magetsi. Choncho iye amati palibe kusiyana pakati pa kanthuko ndi masamu ake. Amawonjezeranso kuti dongosolo lililonse la masamu ndi chilengedwe pachokha, ndipo chathuchi ndi chimodzi mwa zambiri.

Otsutsa

Akatswiri ambiri sagwirizana naye. Choyamba, amati zilengedwe zinazo sitingazione kapena kuziyesa, pamene sayansi imadalira kuyesa. Chachiwiri, amati mapu abwino si dziko lenilenilo: kufotokoza chinthu molondola sikutanthauza kuti mafotokozedwewo ndiwo chinthucho.

Chachitatu, masamu samalosera zoona nthawi zonse. Le Verrier yemweyo mu 1859 ananena kuti pafupi ndi dzuwa pali pulaneti ina, imene inatchedwa Vulcan, pofuna kufotokoza kayendedwe ka Mercury. Pulanetiyo sinapezeke chifukwa kulibe. Vuto linali m'malamulo a Newton, ndipo Albert Einstein ndiye analithetsa mu 1915. Otsutsa amati izi zikusonyeza kuti anthu amasunga masamu amene agwira ntchito n'kutaya amene alephera.

Mu 2000, George Lakoff ndi Rafael Núñez analemba buku lonena kuti masamu amachokera mu ubongo wa munthu ndi zochita zake, monga kuwerenga ndi kusonkhanitsa zinthu.

Kufunika kwa funsoli

Ngati Tegmark akulondola, ndiye kuti chilichonse, ngakhale maganizo ndi ululu wa munthu, chingathe kulembedwa m'masamu. Ngati otsutsa akulondola, pangakhale mbali za chilengedwe zimene masamu sadzazifikira. Mpaka pano palibe kuyesa kumene kwathetsa mtsutsowu.