Amisiri a eko ya gitala

Pakati pa gitala ndi sipika pamakhala munthu amene dzina lake silitchulidwa pa dansi. Ndi uja wokonza mawailesi ndi maamplifaya, yemwe mumampeza m'kashopu ka malata ku Limbe, ku Ndirande kapena ku Lusaka, atawerama pa tebulo lodzaza timawaya, mita ili pambali, chowotcherera chikufuka utsi. Oimba amamukumbukira tsiku limene chipangizo chazima.

Mnyamata wa ku Metsimotlhabe, mudzi wa m'boma la Kweneng ku Botswana, pamsewu wochoka ku Gaborone kupita ku Molepolole, akafuna kuimba gitala amapeza njira ziwiri m'dziko lake. Ina ndi ya gitala la nsambo zinayi, la anthu monga Ronnie Moipolai ndi Solly Sebotso, amene nyimbo zawo zili m'chimbale cha 2018 chotchedwa I'm Not Here to Hunt Rabbits. Amenewa mmisiri samufuna kwenikweni: nsambo ikaduka amamanga okha, monga achitira Gasper Nali ndi babatoni wake ku Nkhata Bay. Njira inayo ndi ya magulu a metal monga Wrust, Skinflint ndi Overthrust ya ku Ghanzi, amene phokoso lawo lonse limadutsa m'timabokosi topondedwa ndi phazi. Kumeneko popanda wodziwa kuwotcherera, nyimbo palibe.

Pa timabokosi tonseti, kamene kamayesa mmisiri ndi ka eko, kaja kamachedwetsa mawu n'kuwabwereza. Kale eko ankaipanga ndi tepi, monga m'makina a Roland Space Echo a 1974 amene oimba dub ku Jamaica anawakonda. Koma mu 1969 akatswiri awiri a kampani ya Philips, Sangster ndi Teer, anali atapeza kale njira yopanda tepi. Anandandalika timakapasita tambirimbiri m'kachipangizo kamodzi kakang'ono kotchedwa IC, ndipo mawu amatsanulidwa kuchoka m'kena kulowa m'kena, ngati amayi akupatsirana ndowa kuchokera padambo mpaka poumba njerwa: madzi amafika mochedwa, ena atatayika m'njira. IC yotchuka ya mtunduwu, MN3005 ya Panasonic, ili ndi magawo 4,096. Kabokosi ka Boss DM-2 ka 1981, kogwiritsa ntchito IC yotere, kankachedwetsa mawu osapitirira mamilisekondi 300.

Kutayika kumeneko ndiye kumene oimba amafuna. Kuti mawu achedwe chomwecho, liwiro lotsanulira liyenera kutsika mpaka kufika poti khutu lingalimve ngati kamluzu. Mmisiri amaika zosefera kutsogolo ndi kumbuyo kwa IC kuti kamluzuko kasatuluke, ndipo zoseferazo zimadulira limodzi mawu akuthwa a gitala. Choncho kubwereza kulikonse kumamveka kofewa ndi kodera kuposa koyamba, sikupikisana ndi chala cha woimba.

Kunja kabokosiko kali ndi zopotokola zitatu basi: nthawi, kuchuluka kwa kubwereza, ndi mphamvu ya eko. Ntchito yeniyeni ili m'kati, pa timapotokolo ting'onoting'ono ta sikuludiraiva. Mukaphonya pang'ono, eko imatuluka yosasa mawu kapena osatuluka n'komwe. Mabuku amati pamafunika oscilloscope, makina oonetsa mafunde a magetsi. Amisiri athu ambiri ali ndi mita ndi khutu, ndipo amapotokola pang'onopang'ono wina akukhudza nsambo imodzi mobwerezabwereza mpaka kusasa kutha.

Luso limeneli kwathu lilipo. Munthu amene amadzutsa amplifaya yopsa ya tchalitchi Loweruka madzulo kuti Lamlungu kwaya iimbe sangagonje ndi kabokosi ka batire la mavoti 9. Chimene chimamugwetsa ulesi ndi zipangizo. Panasonic inasiya kupanga ma IC aja kalekale. Masiku ano makampani a Coolaudio ndi Xvive amapanga ofanana nawo, koma ayenera kuitanitsidwa kunja, ndipo pa intaneti pali achinyengo ambiri, ofufutidwa nambala n'kudindidwa ina. N'chifukwa chake ambiri opanga okha amathawira ku PT2399, IC yotchipa imene imapezeka m'maamplifaya ambiri a karaoke. Kunena zoona imeneyi ndi ya dijito, ngakhale ogulitsa ena amaibatiza kuti analogi. Koma nayo imadetsa mawu ikachedwetsedwa kwambiri, ndipo mmisiri wochenjera amaizula pa bolodi lakufa osalipira kanthu.

Vuto lina ndi la msika. Foni yosweka galasi imabweretsa ndalama lero lomwe, pomwe kabokosi ka eko kamadya masiku, woimba n'kudzapempha ngongole pamwamba pake. Achinyamata olowa ntchitoyi akuphunzira kusintha magalasi ndi mabatire a mafoni, ndipo odziwa kuwerenga mapu a mawaya a amplifaya ambiri ndi aimvi.