KACITINI KOMWE KAJAMBULA ZITHUNZI

M'nyumba zambiri za ku Kasenengwa, kuseri kwa kalendala kapena pansi pa sutukesi, mumapezeka cithunzi cakale ca ukwati wa agogo, cakuda ndi coyera. Capirira cinyezi ndi utsi zaka makumi asanu. Nanga zithunzi zathu za lero ziri kuti? Ziri m'foni, ndipo foni ikagwa m'citsime, nkhope za ana athu zimira nayo pamodzi. Ncifukwa cace tati tikumbutsane luso lija lakale.

Ambiri tikumbukira kadamsana wa pa 21 June 2001. Ku Lusaka kunada bii masana, pamene kwathu kuno dzuwa linatsala ngati mwezi wongokhala kumene. Amene anayang'ana pansi pa mitengo ya mango anaona timiyezi tambirimbiri pa dothi. Kampata kalikonse pakati pa masamba kanasanduka kamera. Kuwala kukalowa pa kaboo, kumajambula za kunja mozondoka. Ibn al-Haytham anafotokoza zimenezi ku Cairo zaka pafupifupi 1,000 zapitazo.

Ife tingacite cimodzimodzi. Titenge citini ca mkaka ca civundikiro cothina, ticipake utoto wakuda m'kati, tiboole ndi nsonga ya singano pambali pace, nkutseka pabowopo ndi tepi yakuda. Tiri mu mdima, tiike filimu kapena pepala la zithunzi moyang'anana ndi kaboo. Citini cikhazikike pa mwala. Tikacotsa tepi, filimu imafuna kamphindi cabe pa dzuwa, koma pepala lifuna nthawi yotalikirapo, ndipo wojambulidwa asagwedezeke.

Nchito yeniyeni iri pa kutsuka. Filimu iri ndi mcere wa siliva womwe umasintha ukakhudzidwa ndi kuwala, koma cithunzico cimabisala. Mankhwala oyamba, divelopa, ndiwo amadetsa malo onse amene kuwala kunafikapo. Kenaka ibviikidwe m'madzi othira viniga pang'ono kuti kuda kulekeze. Acitatu ndi fikisa, amene amasungunula mcere wotsala. Mphamvu yaceyo anaitulukira John Herschel mu 1819. Potsiriza titsukuluze ndi madzi oyera ambiri ndi kuyanika posafika fumbi. Cotuluka ndi negativu: coyera caoneka cakuda, cakuda coyera. Tikaigoneka pa pepala lina la zithunzi ndi kuwalitsa pang'ono, nkutsukanso, nkhope ibwerera mwace.

Pali zinthu ziwiri zofunika kusamala. Coyamba ndi mdima. Pepala lilola nyali yofiira, koma filimu ikana kuwala kulikonse kufikira italowa mu fikisa. Caciwiri ndi kutentha. Mankhwala amafuna madigiri 20, tsono m'mwezi wa October, pamene Chipata atentha ngati ng'anjo, titunge madzi a mumtsuko ndi kugwira nchitoyi m'bandakuca.

Divelopa akasowa, pali njira. Mu 1995 ophunzira a ku Rochester Institute of Technology ku America anaonetsa kuti khofi amatsuka filimu. Lero anthu amasakaniza khofi wa ufa, soda wocapira ndi vitamini C. Fikisa yekha ndiye ofunika kugula. Mankhwala onsewa akhale patali ndi ana, ndipo asatayidwe pafupi ndi citsime kapena ku dimba.

Kuyambira mu 2001, Sabata lotsiriza la April liri lonse ndi tsiku la kamera ya kaboo pa dziko lonse. Bwanji caka cino tikhazike agogo pa mpando pakhonde, tiwajambule, ndi kulemba dzina lao, mudzi ndi caka kuseri kwa cithunzi? Adzukulu adzatithokoza.