Ulendo wa ku phiri la Mulanje: ndalama za thanzi ziyambe kuikidwa padera

ANTHU ambiri akamawerengera ndalama za ulendo wokakwera phiri la Mulanje ku Malawi amayamba ndi tikiti ya basi, malo ogona ndi ndalama ya m'thumba. Za nsapato zolimba, zobvala zofunda, mankhwala ndi munthu wolondolera njira zimabwera pothera, ndalama zitatsala pang'ono. Pamenepo ndiye pamamveka mau akuti "izo tidzaona komweko." Koma zinthu zimene zimasiyidwazi ndizo zimene zimabweza munthu kunyumba ali bwino.

Nkhani iyi ikhudza mabanja a ku Libala, Kabwata, Chilenje ndi makomboni ena a mu Lusaka, kumene acinyamata a m'machalichi ndi anchito a m'maofesi amasonkherana ndalama zoyendera pa chuthi. Ndalama zotere zicokera m'thumba lomwelo la lendi, unga, malaiti ndi fizi ya ana. Cifukwa cace ziyenera kuwerengedwa bwino ulendo usanayambe.

Phiri lace ndi lotani

Phiri la Mulanje lili kumwera kwa Malawi, pafupi ndi malire a Mozambique. Nsonga yace yaitali koposa ndi Sapitwa, ya mamita 3,002. Mzinda wa Lusaka uli pa mamita pafupifupi 1,280, ndipo ndi wacidikha. Miyendo ya munthu wa ku Libala inazolowera njira zopanda citunda.

Pamwamba pa phirili pali tinyumba togonamo alendo monga Chambe, Lichenya, Thuchila, Chisepo, Chinzama ndi Sombani. M'tinyumbati mumakhala mlonda, nkhuni ndi madzi a mumtsinje, koma mulibe sitolo kapena kiliniki. Cakudya ndi zofunda mlendo amanyamula yekha. Mu 2025 bungwe la UNESCO linaika phirili pa mndandanda wa malo a cikhalidwe ofunika pa dziko lonse.

Masiku 7, osati 3

Colakwa coyamba ndi kuwerengera masiku a paphiri okha. Wocoka ku Intercity mu Lusaka ayenda makilomita oposa 550 pa Great East Road, kupyola mlatho wa Luangwa, Nyimba, Petauke ndi Katete, kuti afike ku Chipata. Akaoloka malire pa Mwami ndi Mchinji apitirira ku Lilongwe. Limenelo ndi tsiku lathunthu. Tsiku laciwiri ayenda makilomita oposa 300 kupita ku Blantyre, ndi enanso pafupifupi 70 kufika ku Mulanje. Ambiri amatsika pa Chitakale ndi kukwera galimoto ina yopita ku Likhubula, kumene kuli ofesi ya za nkhalango ndi poyambira kukwera.

Motero ulendo wa masiku 3 paphiri umadya masiku 7: awiri popita, atatu pamwamba, awiri pobwerera. Tsiku lililonse lifuna cakudya, ndipo masiku a panjira afunanso malo ogona. Nzika ya Zambia siifuna viza polowa m'Malawi, koma pasipoti iyenera kukhala yosatha masiku. Amene alibe, ndalama ya pasipoti aiike m'bajeti miyezi ingapo ulendo usanafike.

Kwacha ya Zambia ndi kwacha ya Malawi ndi ndalama ziwiri zosiyana. Ya Malawi inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Conco mitengo imene anachula mnansi amene anapitako zaka zapitazo singadaliridwe. Gulu lifunse mitengo ya caka comweco, makamaka ya alendo ocokera kunja, ndipo liilembe papepala: yolowera m'nkhalango, yogonera m'tinyumba usiku uliwonse, ndi ya wolondolera njira patsiku.

Safunsa anadya phula

Wolondolera njira amalipidwa patsiku, ndipo apa ndi pamene ambiri amafuna kupulumutsa ndalama. Ndi cinthu coopsa. Nkhungu ya pa Mulanje imatha kutsika m'mphindi zowerengeka ndi kubisa njira yonse. Njira ya ku Sapitwa imadutsa m'miyala ikuluikulu momwe munthu angasocere ngakhale dzuwa likuwala.

Mu 2003 mai wina wa ku Netherlands analunjika ku Sapitwa yekha ndipo sanapezekenso. Mu Julaye 2009 mnyamata wina wa ku Brazil anasiya womulondolera ndi kupitirira yekha ku nsongayo. Mtembo wace unapezeka patapita masabata pafupifupi atatu. Ndalama ya wolondolera ikagawidwa pakati pa anthu 5 kapena 6 imacepa kwambiri. Ici ndi cifukwa cimodzi coyendera pagulu.

Onyamula katundu nawonso alipo. Kucoka pa Likhubula kukafika ku kanyumba ka Chambe munthu amakwera citunda kwa maola atatu kapena anai. Amene sanazolowere, cikwama colemera cimamupweteka msana ndi maondo tsiku loyamba lomwe, ndipo wotopa ndiye amene amaterereka. Kwa acikulire ndi onenepa, ndalama ya wonyamula katundu ndi ndalama ya thanzi. Gulu lipangane nao za malipiro ndi za cakudya cao asanayambe kukwera, kuti pasakhale mkangano pamwamba.

Kuzizira kumapha

Nthawi yabwino yokwera ndi pamene mvula yatha, kuyambira Meyi kufikira Okutobala. M'nyengo ya dzinja miyala imaterera ndipo mitsinje imadzala mwadzidzidzi. Mu Marichi 2023 namondwe wa Freddy anagumula mapiri m'maboma a Mulanje, Phalombe ndi Blantyre, ndipo anthu ambiri anafa.

Koma miyezi youma ili ndi bvuto lace. Munthu akakwera mamita 1,000 kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6. Mu Juni ndi Julaye cisanu cimagwa usiku pamwamba pa phirili. Palinso mphepo ya ciperoni, imene imabwera ndi nkhungu ndi kamvula kowaza, nthawi zina kwa masiku angapo.

Thupi likanyowa ndi kuombedwa ndi mphepo limataya kutentha msanga. Kutentha kwa thupi kukatsika pansi pa madigiri 35, moyo uli pangozi. Zizindikiro zace ndi kunjenjemera kwambiri, kulankhula mokoka lilime, kupunthwapunthwa, kusokonezeka maganizo ndi kuodzera. Wotere abvulidwe zonyowa, abvekedwe zouma, afunditsidwe ndi kupatsidwa tiyi wotentha wa shuga ngati atha kumeza. Mowa suthandiza. Umanamiza munthu kuti wafunda pamene thupi likutaya kutentha kwace.

Zobvala zofunika sizifuna sitolo za ku Kabulonga. Pa salaula wa ku Soweto kapena ku Kamwala pamapezeka juzi yaubweya, jekete yosalowa madzi, cipewa cofunda ndi masokosi okhuthala. Jinzi ndi malaya a thonje zikanyowa zimacedwa kuuma, conco si zoyenera. Zobvala zogonera zimangidwe m'pulasitiki kuti zisanyowe. Pafunikanso bulangeti kapena thumba logonamo, ndi tochi ya mabatire atsopano.

Nsapato zikhale za zidendene zogwira pamwala, ndipo zigulidwe mwezi umodzi kapena iwiri ulendo usanafike. Nsapato yatsopano imatulutsa matuza tsiku loyamba. Wogula aibvale popita kunchito ndi kumsika kufikira phazi litaizolowera.

Cakudya ndi madzi

Wokwera phiri amadya koposa wokhala kunyumba. Kucepetsa cakudya kuti ndalama zitsale kumabweretsa cizungulire ndi kufooka, ndipo wanjala amazizidwa msanga. Zakudya zabwino ndi zouma ndi zopepuka: unga wa nsima ndi phala, mpunga, kapenta, soya, nshawa zokazinga, buledi, tiyi, shuga, mcere ndi mafuta ophikira pang'ono. Zolemera zigulidwe ku Blantyre kapena pa Chitakale, kuti zisabvutitse m'basi ndi pamalire. Kumeneko nshawa amazichula mtedza, ndipo kandolo ndi mbatata.

Munthu aliyense akhale ndi mabotolo a madzi, ndipo amwe malita pafupifupi 3 patsiku loyenda. Mkodzo ukada ndiye kuti madzi acepa m'thupi. Madzi a m'mitsinje ya pamwamba amaoneka oyera, koma a pafupi ndi tinyumba ndi a m'munsi mwa phiri ndi bwino kuwawiritsa kapena kuthiramo klorini. Kabotolo ka klorini kamene mabanja a mu Lusaka amagula nthawi ya kolera ndi kochipa ndiponso kopepuka.

Kutsekula m'mimba pamalo opanda kiliniki kumafoola munthu m'maola ocepa. Gulu linyamule mapaketi a ORS. Akatha, masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mcere zisungunulidwe m'lita imodzi ya madzi owiritsa.

Ayambe apita ku kiliniki

Asanalipire ciliconse, aliyense wa m'gulu apite ku kiliniki yapafupi, monga ya Kabwata kapena ku cipatala ca Chilenje, akapimitse BP ndi shuga. Wodwala mtima, mphumu, khunyu kapena mai woyembekezera auze adokotala za ulendowu ndi kumvera uphungu wao. Amene amamwa mankhwala tsiku ndi tsiku, kaya a BP, a shuga kapena ma ARV, anyamule okwanira masiku onse ndi ena apadera, ndipo awaike m'cikwama cimene anyamula yekha. Wodwala shuga ayang'ane mapazi ace madzulo alionse, pakuti cilonda ca kuphazi cimacedwa kupola.

Malungo asaiwalike. M'kati mwa mzinda wa Lusaka malungo ndi ocepa poyerekeza ndi madera otentha a m'munsi mwa phiri la Mulanje, kumene gulu lidzagona popita ndi pobwera. Neti ndi mafuta othamangitsa udzudzu zilowe m'bajeti. Malungo amayamba kuoneka patapita masiku 7 kapena kuposerapo munthu atalumidwa. Wobwerako akamva kutentha thupi, mutu kapena kuphwanya m'thupi, apite akapimitse magazi tsiku lomwelo ndi kuchula kumene anali.

Pamwamba pa mamita 2,500 anthu ena amamva mutu, mseru ndi kupuma mobanika cifukwa ca kucepa kwa mpweya. Mankhwala ace ndi kuima, ndipo zikapitirira, kutsika. Palibe manyazi pobwerera osafika pa Sapitwa.

Kabokosi ka mankhwala ka gulu kakhale ndi panado, mabandeji, pulasitala wa matuza, mankhwala otsukira zilonda, ORS ndi sopo. Mtengo wace ugawidwe kwa onse.

Kukonzekeretsa thupi sikufuna ngwee. Kwa masabata 6 kapena 8, woyenda azicoka ku Libala wapansi kupita ku Woodlands kapena ku tauni ndi kubwerera, atabereka cikwama cokhala ndi mabotolo a madzi, katatu pa sabata. Kukwera ndi kutsika masitepe kumalimbitsa maondo. Amene alephera kuyenda maola atatu pamalo acidikha asanadziyese pa citunda ayambe walimbitsa thupi.

Ndalama yosakhudzidwa

Zonse zikawerengedwa, paonjezedwe ndalama yapadera. Njira yapafupi ndi iyi: pa K100 iliyonse ya ulendo paikidwe K20 ina pambali. Ndalama imeneyi ndi ya tsiku loonjezera ngati ciperoni catsekereza gulu m'kanyumba, ya anthu onyamula wobvulala kutsika naye, ya galimoto yopita kucipatala, kapena ya basi ina ngati yoyamba yaonongeka. M'munsi mwa phiri muli cipatala ca boma ca Mulanje ndi Mulanje Mission Hospital, ndipo matenda akulu amatumizidwa ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre. Cipatala ca mishoni cimalipiritsa. Khadi la NHIMA ligwira nchito m'zipatala zobvomerezedwa za muno mu Zambia, conco woyenda asalidalire kunja kwa malire.

Ndalama yapaderayi isasungidwe ndi munthu mmodzi, ndipo ina ikhale ya pamanja, pakuti paphiri palibe banki ndipo foni siigwira paliponse. Acibale otsala ku Lusaka auzidwe tsiku lokwera, tinyumba togonamo ndi tsiku lotsika.

Posonkhanitsa ndalama, cilimba kapena kusunga pang'onopang'ono kwa miyezi 6 ndiko koyenera. Kaloba ndi wosayenera pa ulendo wokasangalala: phiri limatha m'masiku 3, koma ngongole imatsala miyezi, ndipo imalowa m'ndiwo za ana.

Ndalama zikacepa, pali zimene zingadulidwe popanda ngozi. Gulu lingagone malo ochipa, kudziphikira lokha, kusiya zogula za cikumbutso, kapena kucepetsa masiku a paphiri ndi kukathera pa Chambe kapena Lichenya osapita ku Sapitwa. Zimene sizidulidwa ndi wolondolera njira, zofunda, nsapato, cakudya cokwanira, mankhwala ndi ndalama yapadera. Ngati izi sizinakwane, ulendo uimitsidwe kufikira caka camawa. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha.