Za Kulowetsa Firiji Yatsopano m'Kabati Yakale

Inu a ku Mangochi, ku Makawa, ku Malindi ndi ku Monkey Bay, mwezi uno tifuna kukamba nanu za chinthu cha m'khitchini chimene chikhoza kutayitsa banja ndalama zambiri. M'nyumba zina mmisiri wa matabwa amapanga makabati otsata khoma, nasiya mpata umodzi woikamo firiji. Zaka zikapita firiji ija imakalamba nifa, koma makabati a mlombwa akali olimba. Pamenepo bambo ndi mai amapangana kugula ina, ndipo funso lao limakhala limodzi lokha: kodi idzalowa? Komatu lilipo funso lina loposa limeneli: kodi ikalowa idzapuma?

Firiji ifuna mpweya

Ntchito ya firiji ndiyo kuchotsa kutentha m'chakudya ndi kukutaya kunja, monga msodzi akapa madzi m'bwato nawataya m'nyanja. Tsono ngati kutenthako kusowa potulukira, kumabwerera, ndipo injini imalira usana ndi usiku osapumula, nimaliza mayunitsi a magetsi, kufikira tsiku limene idzapsa.

Mafiriji akale anali ndi timipope takuda kumbuyo, ndipo ndimo ankatayira kutentha. Ambiri a masiku ano timipope tao tabisika m'kati mwa zipupa za m'mbali. Chifukwa chake mukaika dzanja m'nthiti mwake mumva kufunda. Chotero mpata umene unakwanira firiji yakale ukhoza kutsamwitsa yatsopano, ngakhale ziwirizo zilingane msinkhu. Kabati ingaoneke yokongola, thabwa litagundana ndi chitsulo bwino lomwe, koma akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kutentha kwa dziko lathu

Dziko la kunyanja lili pansi. Nyanja yathu siifika mamita 500 pamwamba pa nyanja yamchere, pamene Blantyre ali pa mamita ngati 1,000. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kuno nthawi zina kumapitirira madigiri 35, ndipo m'khitchini ya denga la malata, mbaula ili kuyaka, kumaposa pamenepo.

Tsono pogula yang'anani kapepala komatidwa m'kati kapena kumbuyo kwa firiji. Pamenepo opanga amalemba kutentha kumene firijiyo ikhoza kupirira. Chilembo N chitanthauza madigiri 32. Zilembo ST zitanthauza madigiri 38. Chilembo T chitanthauza madigiri 43. Kwa ife a kunyanja yoyenera ndiyo ya T. Chenjerani makamaka ndi mafiriji ogwirapo kale ntchito ochokera ku maiko ozizira, pakuti ena a iwo anapangidwira nyengo ya kwao.

Yambani mwayeza

Musanakwere galimoto la ku Blantyre kapena ku Lilongwe, tengani tepi muyeze mpata wa m'kabati: m'lifupi, msinkhu, ndi kuya kwake kufikira kukhoma. Muyeze m'lifupi katatu, pansi, pakati ndi pamwamba, pakuti thabwa limapindika ndi chinyezi cha dzinja, ndipo makoma ena saongoka. Nambala yochepa koposa ndiyo mulembe. Muyezenso khomo la khitchini, kuti katundu asadzagone pakhonde.

Dziwaninso kuti mafiriji ali a mitundu iwiri. Mtundu woyamba ndi uja woima paokha, umene upezeka m'nyumba zambiri kuno. Umenewu sanaupangire kutsekeredwa m'bokosi. Kawirikawiri ufuna danga la masentimita 5 m'mbali zonse ziwiri ndi kumbuyo, ndi 10 kapena kuposa pamwamba. Kabuku kobwera nayo kadzakuuzani nambala yake yeniyeni. Ndiye kuti ngati mpata wanu uli masentimita 65 m'lifupi, firiji yoyenera ndi ya masentimita 55, ingakhale ya 60 ikhoza kulowa.

Mtundu wachiwiri ndi uja anaupangira kubisika m'kabati, chitseko cha thabwa chili kutsogolo kwake. Nthawi zambiri ufuna mpata wa masentimita 56 m'lifupi ndi 55 kuya, ndipo yaitali yake ili ngati masentimita 178. Mpweya wake umalowa pansi, nukwera kumbuyo, nutulukira pamwamba pa kabati. Chotero pafunika ziboo ziwiri, china pansi china pamwamba, chilichonse chosachepa masentimita 40 m'litali ndi 5 m'lifupi. Mai asaikepo madengu kapena miphika potulukira mpweyapo. Muonenso zitseko: pa firiji ina chipinda choundanitsa chili theka, pa ina chili chaching'ono, ndipo zitseko za thabwa ziyenera kugawika momwemo. Mahinjesi nao asiyana: pa ina thabwa limamangidwa pa chitseko cha firiji chomwecho, pa ina lili ndi mahinjesi akeake nilikoka chitsekocho ndi kanjanji. Jambulani yakaleyo, mukaonetse wogulitsa. Safunsa anadya phula.

Mau kwa amisiri

Ngati yatsopano ikana kulowa, cholakwa chikonzedwe pa thabwa. Nkwapafupi kukweza shelefu yapamwamba, kuchotsa thabwa lakumbuyo, kapena kusuntha kabati imodzi, kusiyana ndi kugula injini ina. Koma inu amisiri, musakhome msomali kapena kuboola chipupa cha firiji ai. M'menemo muli timipope ta gasi, ndipo gasi wa m'mafiriji ambiri atsopano, wotchedwa R600a, amayaka moto. Pa chifukwa chomwecho mai asapale madzi oundana ndi mpeni. Pansi pakhale pothyathyathya kuti chitseko chitseke bwino, ndipo soketi ikhale pofikira dzanja.

Ulendo ndi magetsi

Firiji iyende choimirira m'galimoto. Ikafika kunyumba muileke iime maola 4 musanaiyatse, kuti mafuta a m'injini abwerere m'malo mwake. Ngati inagonekedwa panjira, ikhale tsiku lathunthu.

Magetsi athu ambiri achokera ku mathithi a mtsinje wa Shire, umene utuluka m'nyanja pafupi ndi Mangochi pomwe pano. Makina oyamba a pa Nkula anayamba ntchito m'chaka cha 1966. Mtsinje ukavuta, magetsi avuta. Mukumbukira kuti mu Januwale 2022 namondwe Ana anaononga pa Kapichira, dziko nilitaya mamegawati ngati 130 kufikira 2023. Magetsi akazima nabwera modzidzimutsa, injini ya firiji ili pangozi. Chotero gulani kachipangizo kotchinjiriza firiji, kamene kamayamba kadikira mphindi zingapo kasanalole magetsi kulowa.

Akazima, musatsegule chitseko kawirikawiri. Firiji yotseka isunga kuzizira maola ngati 4, ndipo chipinda choundanitsa chodzaza chikhoza kupirira masiku awiri. Mabotolo a madzi oundana athandiza. Koma chambo kapena kampango akasungunuka nafunda, musamuundanitsenso. Kutaya nsomba imodzi kuli bwino koposa kugoneka mwana m'chipatala.

Yakale ipite kuti?

Musaitaye kuseri kwa nyumba chitseko chili pomwepo, pakuti mwana wosewera chibisalirano akhoza kudzitsekera m'menemo. Chotsani chitseko, ndipo firijiyo muipereke kwa wokonza mafiriji. Yakale kwambiri ikhoza kukhala ndi gasi wa R12, amene maiko anapangana kumuleka pa pangano la ku Montreal la 1987, popeza aononga mpweya wa kumwamba wotiteteza ku ukali wa dzuwa.

Tsono abale, bambo ndi mai akhale pansi, ayeze pamodzi, aitane mmisiri asanatulutse ndalama. Musachite manyazi ndi kampata kooneka pambali pa firiji, pakuti ndiko kadzasunga ndiwo za ana ndi thobwa la alendo m'chilimwe chikudzachi.