Mlendo akaona mumphika amadya mtima uli m'malo

Dzuwa likamapendeka ku Ndeke, mumzinda wa Ndola, mathiraki a mafuta ndi a mkuwa amakhala atandanda m'mbali mwa msewu. Dalaivala amene wagona masiku angapo panjira kuchokera ku Dar es Salaam amatsika, n'kutawasa, n'kuswali, kenako n'kulowa m'kanyumba kodyera ka Asomali. Safunsa zambiri. Mbale ya baasto, supageti wothira msuzi wa nyama, nthochi yakupsa ili pambali, imafika ikufuka nthunzi, ndipo iye amangoti Bismillah n'kuyamba kudya.

Munthu yemweyo mukamupeza m'lesitilanti yomwe sakuidziwa ku Kitwe, mungadabwe. Amaima kaye pakhomo, maso ali kukhitchini. Funso loyamba limakhala lomwe Msilamu aliyense wa ku Mangochi, ku Chipata kapena ku Lichinga amalidziwa: "Nyamayi wazinga ndani?" Akapanda kuyankhidwa zogwira mtima, amaitanitsa tiyi ndi buledi, n'kukagona ndi njala ndalama zili m'thumba.

Funso lomwelo ndi limene lachititsa ophika ena ku Japan kutsekula makhitchini awo, n'kuyamba kuphunzitsa alendo achisilamu kukanya ndi kudula okha ma noodles.

Msuzi wobisa zambiri

Ma noodles otchuka ku Japan alipo mitundu itatu. Pali udon, wonenepa ndi woyera, wa fulawa, mchere ndi madzi basi. Pali soba, wowonda ndi wotuwira, wa ufa wa mbewu yotchedwa buckwheat. Ndiye pali ramen, amene anachokera kwa ophika a ku China ndipo anayamba kutchuka ku Tokyo pomwe malo odyera a Rairaiken anatsekulidwa ku Asakusa mu 1910.

Kwa Msilamu, mtanda wa tirigu suvuta. Nkhani ili mumsuzi. Ramen wotchedwa tonkotsu, wochokera ku Kurume m'chigawo cha Fukuoka, msuzi wake ndi wa mafupa a nkhumba owiritsidwa maola ambirimbiri mpaka kuyera ngati mkaka. Pamwamba amaikapo chashu, yomwenso ndi nyama ya nkhumba. Ngakhale mbale yooneka yosalakwa ya udon kapena soba imathiridwa mirin ndi sake, zokometsera zokhala ndi mowa wa mpunga. Mlendo sangazione ndi maso, ndipo woperekera chakudya nthawi zina saganiza n'komwe kuti supuni imodzi ya mirin ingalepheretse munthu kudya.

Asilamu si achilendo ku Japan. Mzikiti wa ku Kobe unamangidwa mu 1935, ndipo wa Tokyo Camii, umene unayamba mu 1938, unamangidwanso mwatsopano mu 2000. Koma zinthu zinasintha kwambiri mu 2013, boma la Japan litalola nzika za Malaysia kulowa popanda viza, ndipo mu 2014 linafewetsanso malamulo kwa a ku Indonesia. Mabanja achisilamu anayamba kukhamukira ku Tokyo, Kyoto ndi Osaka. Mu 2019 mokha, alendo onse olowa m'dzikolo anaposa 31 miliyoni. Mabwalo a ndege a Narita ndi Kansai ali ndi zipinda zoswaliramo, ndipo malo ogulitsa ramen wa halaal anayamba kuoneka.

Chikwangwani cholembedwa kuti halaal chimathandiza, koma sichithetsa nkhawa yonse. Chimene chimaithetsa ndi kuona ndi maso. M'makalasi ophikira okonzedwera Asilamu, mlendo amavala epuloni, amasamba m'manja, n'kupatsidwa beseni la fulawa. Msuzi umakhala wa nkhuku yozingidwa mwachisilamu, kapena wa dashi, yemwe amapangidwa ndi ndere za m'nyanja zotchedwa kombu ndi nsomba youma ya katsuobushi. Mowa sulowamo, ndipo mapoto ndi mipeni zimakhala zosakhudzana ndi nkhumba. Mlendo amanyamula botolo lililonse n'kuliwerenga yekha. Akamadzakhala pansi kuti adye, amakhala akudziwa chilichonse chimene chili m'mbale mwake chifukwa anathira ndi iyeyo.

Kuphunzitsa mlendo ndi manja si kwatsopano kumeneko. Ku Kagawa, kwawo kwa udon wa Sanuki, alendo amavula nsapato n'kumapondaponda mtanda wokutidwa m'pulasitiki. Ku Ikeda, ku Osaka, komwe Momofuku Ando anatulukira ma noodles a m'paketi mu 1958, kuli nyumba yosungiramo mbiri yake, ndipo ana ndi akulu amakanya okha mtanda. Timapaketi tomwe ana asukulu amagula m'mashopu a ku Chimwemwe ndi ku Chifubu mbiri yake inayambira kumeneko.

Njira ya alendo kuyambira kale

Nayo Copperbelt, kumene kuli Ndola ndi Kitwe, ndi dera la anthu obwera. Azungu asanakhazikitse boma la Ndola mu 1904, amalonda achiswahili anali atafika kale m'dziko la Alamba, ndipo Chisilamu chinabwera nawo. Migodi ya Nkana, Roan Antelope, Mufulira ndi Nchanga itatsekulidwa, amuna ambiri a ku Nyasaland, Ayao ali m'gulu, anapita kukagwira ntchito, ena osabwereranso. Amwenye ochokera ku Gujarat anatsekula masitolo. Ian Smith atalengeza ufulu wa Rhodesia mu 1965 ndipo njira ya kumwera itatsekeka, mafuta anayamba kubwera pamsewu kuchokera ku Dar es Salaam, ndipo ena mwa madalaivala anali Asomali. Enanso anafika dziko lawo litasokonekera mu 1991. Baasto wawo anamuphunzira kwa Ataliyana amene ankalamulira kwawoko, koma lero ndi chakudya cha ku Ndola.

Mpaka pano mathiraki amadutsa usana ndi usiku kulowera ku Chingola, Chililabombwe ndi kuchipata cha Kasumbalesa. Bwalo la ndege latsopano la Simon Mwansa Kapwepwe, lomwe linatsekulidwa mu 2021, limalandira amalonda ndi akatswiri a zamigodi. Ena mwa anthu amenewa ndi Asilamu, ndipo aliyense wa iwo amafika ndi funso lija la kuzinga.

Masana ena ku Kitwe

Ndinafuna kuona ngati udon angatheke ndi zinthu za pamsika wa Chisokone. Tinasonkhana Loweruka kunyumba ya azakhali anga, omwe anakwatiwa m'banja lachiyao ndipo akhala ku Kitwe zaka zambiri. Tinayeza fulawa magalamu 400, mchere magalamu 20 ndi madzi mamililita 180. Madzi amchere timathira pang'onopang'ono, zala zikuvundula, mpaka ufa wonse utasanduka timibulu. Mtandawo unali wouma moti manja anatopa msanga. Apa ndi pomwe tinaukuta m'jumbo yochindikala, n'kuyala chitenje choyera pamwamba, n'kuitana mdzukulu wawo kuti aupondeponde ndi zidendene.

Azakhali anaima kaye, manja m'chiuno. "Iwe, chakudya amaponda?" Ndinawaonetsa kuti phazi silikhudza mtanda. Anayang'ana jumbo ija mbali zonse, n'kupinda okha mtandawo kanayi kuti upondedwenso. Posakhalitsa anali akuwerengera mwanayo ngati akumuimbira ng'oma.

Mtanda utapuma ola limodzi, tinaufutukula ndi botolo mpaka kupyapyala ngati chikuto cha kope, n'kuwaza fulawa, n'kuupinda katatu, n'kumadula timizere ndi mpeni wakuthwa. Toyamba tinatuluka tonenepa ngati chala, totsatira tinayamba kufanana. Tinatiwiritsa mphindi 12 m'poto wamkulu pambaula, n'kutitsuka m'madzi ozizira mpaka titasiya kuterera.

Msuzi ndiye unatisangalatsa koposa. Tinalibe kombu kapena katsuobushi, koma tinali ndi kapenta wouma wa ku Mpulungu ndi bowa wouma. Ku Kagawa komweko, msuzi wa udon amaupanga ndi tinsomba touma totchedwa iriko, tomwe mutationa mungati ndi kapenta. Tinachotsa mitu kuti msuzi usawawe, n'kuviika m'madzi, n'kuwiritsa pamoto wochepa. Nkhuku ya lokolo anazinga ndi amuna awo a azakhali m'mawa womwewo, atayang'ana ku Qibla. Botolo la sosi wa soya analiwerenga okha mbali zonse asanalole kuti tithire.

Nditawauza kuti ramen amafuna madzi a soda otchedwa kansui kuti akhale wachikasu ndi wotanuka, azakhali anaseka n'kuloza chikombe cha phulusa chomwe amatchezera chidulo cha therere. Sanalakwe. Ku Okinawa, makolo ankakanyira ma noodles awo madzi a phulusa la nkhuni.

Tinadya pamkeka, mafoloko m'manja, ana akutsopa mokweza monga amachitira ku Japan komweko, kumene kutsopa ma noodles si mwano. Palibe amene anafunsa kuti muli chiyani m'mbale.

Zofunika zili pafupi

Tirigu amalimidwa mothirira ku Mpongwe, m'chigawo chomwecho cha Copperbelt, komanso ku Mkushi. Soya ndi wosasowa. Bowa wa tente amadzaza m'mbali mwa msewu nthawi ya dzinja. Mabutchala achisilamu alipo ku Ndola ndi ku Kitwe komwe. Achinyamata ophunzira zophika ndi zamahotela akufuna ntchito. Chimene chatsala ndi mtima wolola mlendo kulowa kukhitchini, kugwira mpeni, kuwerenga botolo ndi kufunsa popanda kumuona ngati wovuta.

Ndipo sikuti ziyenera kuthera pa udon. Mlendo wa ku Oman kapena ku Malaysia angakonde kugwira mthiko n'kuvundula nsima, kusinja nsinjiro za ifisashi, kapena kuona mmene chikanda chimaumira mumphika. Mayi wa ku Ndeke angaphunzitse baasto, agogo achiyao angaphunzitse mpunga wa futari.

Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Dalaivala uja amagona usiku umodzi, mawa ali pamzere ku Kasumbalesa. Koma akafika kwawo amauza anzake khomo limene anadyapo wopanda nkhawa, ndipo iwo akadzafika pa Ndola amalunjika pomwepo.